Zimene taphunzira pojambula filimu ku sikimu ya Hara

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa pa buleki kuti kodi filimu ija timajambula kumpunga inathera pati, komanso ngati n'zoona kuti mmodzi wa ife anatsala pang'ono kumenyedwa. Inde n'zoona. M'malo moyankha mmodzimmodzi, aphunzitsi amene amayang'anira kalabu yathu ya zisudzo anati ndilembe pano, koma ndilembe ngati phunziro osati ngati miseche. Ndiye werengani mpaka pansi, makamaka inu a Fomu 1 amene mwayamba kale kunena kuti chaka chamawa mujambula yanu.

Tinalipo ana asanu ndi awiri, atsikana atatu ndi anyamata anayi. Foni tinabwereka kwa asibweni a mnzathu wina amene amagulitsa nsomba ku Uliwa, ndipo amatipatsa Loweruka lokha. Ine sindinasewere nawo, ntchito yanga inali yogwira kope. Poyamba ndinakhumudwa nazo, ndimaona ngati andipatsa ntchito ya munthu wosadziwa kusewera. Pansipa muona kuti kopelo linali lofunika bwanji.

Mtundu wa filimu imene tinasankha pa Chingerezi amati thriller, kutanthauza filimu yochititsa nthumanzi. Anyamata amafuna ya karate ngati zija timaonera ku vidiyo shoo, zomasuliridwa m'Chichewa zija. Aphunzitsi anatifunsa funso limodzi lokha: kodi chimene chimachititsa anthu a kuno kusowa tulo n'chiyani? Tonse tinayankha kuti madzi. Aliyense amene kwawo ali ndi puloti mu sikimu akudziwa mmene mitima imakwerera nthawi ya mpunga wa mthirira, madzi akachepa mu ngalande ndipo a kumunsi akuganiza kuti a kumtunda akuwatsekera. Choncho nkhani yathu ndi ya mtsikana amene puloti ya agogo ake ikuuma pamene ya ena ikubiriwira, ndipo akufuna kudziwa amene amapatutsa madzi usiku. Munthuyo sindikuuzani, mudzaone nokha.

Phunziro loyamba linali loti nthumanzi si kudzidzimutsa. Mkulu wina wopanga mafilimu wa ku England, Alfred Hitchcock, ankapereka chitsanzo cha bomba limene labisidwa pansi pa tebulo. Likangophulika oonera asakudziwa kuti lilipo, amadzidzimuka kamphindi kochepa basi. Koma mukawaonetsa bombalo poyamba, kenako anthu awiri n'kukhala pa tebulopo kumacheza za ziii, oonera amavutika mumtima nthawi yonse ya machezawo. Ife tinatengera nzeru imeneyi. Oonera amaona kaye munthu atabisala mu nthochi ali ndi khasu, kenako amaona mtsikana uja akubwera akuimba, asakudziwa kanthu. Titaonetsa kagawo kameneka kwa ang'ono anga kunyumba, wamng'ono kwambiri anayamba kukuwira foni kuti mtsikanayo abwerere. Apo ndinadziwa kuti zagwira.

China, chinthu choopsa osafulumira kuchionetsa. Pojambula filimu ya Jaws, imene inatuluka mu 1975, nsomba yolusa ya makina imene anapanga inkangowonongeka, moti Steven Spielberg anakakamizika kuibisa m'mbali zambiri za filimuyo, ndipo anthu anaiopa kwambiri chifukwa chosaiona. Ife nkhope ya wopatutsa madzi sitinaionetse mpaka kumapeto. Mumangoona magambuti ali matope okhaokha, dzanja likuchotsa chotsekera madzi, ndi chithunzithunzi chake m'madzi a mu ngalande.

Tsopano za foni. Igwireni chopingasa osati choimirira, apo ayi pa TV chithunzi chidzakhala kamzere pakati, mbali zonse kuli bii. Loweruka loyamba lonse linapita pachabe chifukwa cha zimenezi. Pukutani galasi la kamera musanayambe. Manja amanjenjemera, ndiye tinamanga nsungwi zitatu ndi mphira wa njinga n'kupanga choimikira. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire chifukwa chimawonongeka, yandikirani ndi miyendo yanu. Ndipo dziwani kuti kanema amadya malo: miniti imodzi yojambula bwino itha kudya ma MB 100 kapena kuposa. Asibweni aja anatiletsa kufufuta nyimbo zawo za kwaya, choncho tinasonkha ndalama n'kugula memole khadi yathu. Batire nayo imatha msanga padzuwa la kuno, ndipo kutchaja pa sola ndi ndalamanso.

Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa kapena dzuwa likapendeka. Masana dzuwa lili paliwombo, maso a munthu amaoneka ngati maenje awiri. Kuno tili ndi mwayi: m'mawa dzuwa limatulukira kunyanja, madzulo limakalowa kuseri kwa mapiri a kumadzulo kuja, choncho n'zosavuta kudziwiratu komwe kuwala kuchokere. Wojambula aime dzuwa lili kumsana kwake kapena cham'mbali. Nkhope ikada mbali imodzi, mnzanu agwire pepala lalikulu loyera pafupi kuti libweze kuwala. Ife tinagwiritsa ntchito kuseri kwa kalendala yakale.

Chimene chinativuta koposa ndi mawu. Ife makutu athu anazolowera mphepo ya mwera moti sitiimvanso, koma foni imaimva, ndipo pomvetsera mumangomva phuuu ngati wina akuuzira moto. Kuwonjezera apo pali achule, ng'ombe, ana oingitsa mbalame ndi malole odutsa pa M1. Tinayesa kuveka foni sokosi, zinathandiza pang'ono chabe. Njira imene inagwira ndi yojambula zithunzi kumunda, kenako osewera n'kubwereza mawu omwewo m'kalasi mopanda phokoso, n'kudzalumikiza pa CapCut. N'zotopetsa chifukwa milomo iyenera kugwirizana ndi mawu. Chimene ndingakuuzeni n'choti chepetsani zolankhula. Filimu si sewero la pa wailesi. Chimene diso lingaone pakamwa pasanenenso.

Nanga kope langa lija? Filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Gawo lachisanu mutha kulijambula lero, lachinayi sabata yamawa, koma oonera amaziona motsatizana ngati zachitika nthawi imodzi. Ndiye pamafunika munthu wolemba zonse: chitenje chinali cha mtundu wanji, khasu linali dzanja liti, ndowa inali yodzaza kapena ayi. Tsiku lina sindinapite chifukwa amama anandituma kuchigayo. Titalumikiza zimene anajambula tsikulo, mtsikana uja amalowa mu nthochi ali ndi tsitsi, n'kutulukamo atameta. Tinaseka mpaka misozi, koma tinabwereza gawo lonse atavala mpango. Palinso lamulo lina: anthu awiri akamalankhulana, ganizirani mzere wochoka kwa wina kupita kwa mnzake, ndipo kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo. Mukaudumpha, onse awiri amaoneka ngati akuyang'ana mbali imodzi ndipo oonera amasokonezeka. Ife mzere wathu unali ngalande yeniyeniyo, ndiye sizinavute.

Za magazi ndingonena mwachidule. Hitchcock yemweyo, mu filimu ya Psycho ya 1960, anagwiritsa ntchito madzi a chokoleti poti filimuyo inali yopanda mitundu. Ife tinasakaniza Sobo wofiira ndi ufa wa kondowole. Amaoneka bwino ndithu, koma nyerere zinamupeza wosewerayo tisanamalize. Mapeto ake gawolo tinalichotsa.

Tsopano nkhani imene mukuifunayo. Loweruka lachinayi timafuna kujambula gawo lothamangitsana dzuwa litangolowa, kuti kuoneke ngati usiku. Aphunzitsi sanalipo, anapita ku maliro. Ife tinati palibe vuto, tazolowera. Mnzathu wosewera ngati wopatutsa madzi anavala chipewa chobisa nkhope n'kunyamula khasu, mtsikana uja n'kuyamba kumuthamangitsa akukuwa m'Chitumbuka kuti "Munkhungu! Munkhungu!" monga tinalembera. Anakuwa bwino kwambiri moti ine ndinali wokondwa. Sitinaganize n'komwe kuti m'mapuloti a pafupi munali anthu amene amadikira nthawi yawo ya madzi.

Pasanathe mphindi ziwiri anatulukira abambo anayi kapena asanu, ena ali ndi ndodo, wina chikwanje. Mnzathuyo m'malo moima anachita mantha n'kuthamanga zenizeni, zimene zinapangitsa kuti aoneke wakuba weniweni. Anamugwira atagwera m'matope, ndipo mbama imodzi inali itagwa kale ife tisanafike. Timakuwa kuti ndi sewero, koma munthu wokwiya samva msanga, ndipo anthu ena anali akubwerabe kuchokera kumidzi. Chimene chinatipulumutsa ndi amayi ena amene anamuvula chipewa n'kumuzindikira kuti amaimba naye kwaya mwana wawo. Kenako ine ndinatsegula kope langa, manja akunjenjemera, n'kuwaonetsa pamene tinalemba mawu akuti munkhungu, ndipo wojambula anawaonetsa za masabata apitawo pa foni. Abambo ena anaseka, koma mmodzi sanaseke. Anati, "Ana inu, mukanakhala achilendo bwenzi pano tikunena zina."

Mawu amenewa sanandichoke. Aphunzitsi atabwera anatikumbutsa za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu angapo n'kuphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongoganiziridwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Sanatikalipire kwambiri, anati cholakwa china n'chawo posatiuza poyamba. Lolemba lake anatitenga tonse kupita kwa afumu ndi kwa akomiti ya madzi kukapepesa. Afumu anatifunsa kuti, "Mukafuna kuvina malipenga m'mudzi mwa eni, mumangofika n'kuyamba kuimba ng'oma?" Tinangoti zii, maso pansi. Akomiti nawo anali ndi dandaulo lawo limene ife sitimalidziwa: pothamangathamanga masabata onsewo tinagumula timizere ta pakati pa mapuloti awiri, madzi a munthu wina n'kutayikira kwa mnzake. Ndiye kuti ife opanga filimu ya wopatutsa madzi tinapatutsa madzi enieni. Tinakakonza ndi makasu Lachitatu titaweruka.

Kuchokera pamenepo tili ndi malamulo athu. Tisanajambule pamalo, timauza afumu, eni malowo ndi onse oyandikana nawo, tsiku ndi nthawi yomwe. Pakhale munthu wamkulu. Magawo okuwa ndi othamangitsana timajambula masana anthu akuona, mdima timachita kuuika pa foni pochepetsa kuwala. Mpeni kapena chikwanje chenicheni ayi. Munthu amene sali mu sewero sitimujambula asanavomere, ndipo makolo a wosewera aliyense adziwe filimu isanatumizidwe pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa ikapita siibwerera. Komanso osaima nthawi yaitali m'madzi a mu ngalande opanda magambuti. Za likodzo tinaphunzira tonse.

Chodabwitsa n'choti titapempha, anthu omwe aja ndi amene anatithandiza kwambiri. Abambo aja sanaseke aja anatibwereka tochi yawo yaikulu, ndipo anatiuza kuti wopatutsa madzi weniweni sayenda ndi khasu paphewa, amangotenga kathumba ka mchenga kapena chibuma. Tinasintha nkhani chifukwa cha iwo.

Ena mwa inu mumati filimu ndi za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, si za ana a CDSS. Zoona, amene atchuka ali kumeneko. A Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene inakhala filimu yoyamba ya Malawi kutumizidwa ku mpikisano wa Oscars. Mayi Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yawo yotchedwa Lilongwe. Koma kumbukiraninso kuti The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba, anakaijambulira m'midzi ya ku Kasungu, poti nkhaniyo inachitikira kumeneko. Ku Kaduna m'dziko la Nigeria kuli achinyamata otchedwa The Critics amene anatchuka mu 2019 ndi mafilimu ojambula pa foni yosweka galasi. Ku Kampala, Isaac Nabwana anapanga Who Killed Captain Alex? ndi ndalama zochepa kwambiri m'dera la anthu osauka la Wakaliga. Ine sindikunena kuti yathuyi ikufanana ndi amenewa, ayi, m'malo ena mutu wa munthu unaduka ndipo mbuzi ina inalowerera. Koma malo ngati athuwa, mpunga uku, nyanja uku, mapiri uko, ena amalipira ndalama zambiri kuti awapeze.

Filimu yonse ndi ya mphindi 11, ndipo yatitengera Loweruka zisanu ndi ziwiri. Dzina sitinagwirizanebe, anyamata akufuna la Chingerezi, ife tikufuna la Chitumbuka. Aphunzitsi ati a Fomu 2 tisiye kaye zojambula teremu ikubwerayi chifukwa cha JCE, ndiye nsungwi zija ndi memole khadi tisiyira a Fomu 1 amene alembetse ku kalabu. Kope lokha sindipereka, mugule lanu.

Tikufuna kuionetsa Lachisanu la sabata yotsekera m'kalasi ya Fomu 4, ndipo afumu ndi akomiti ya madzi tawaitana. Chatsala ndi mawu a gawo lachisanu ndi chimodzi, pamene mwera unatigonjetsa. Amene ali ndi mahedifoni okhala ndi maikolofoni atibwereke kwa tsiku limodzi. Mundipeza mu Fomu 2, desiki ya pafupi ndi zenera.