Kuphunzitsa Ana za Kadamsana

Abale, pa 21 June 2001 mdima unagwa usana ku Lusaka, pakuti dzuwa linaphimbika lonse. Mwana akatifunsa cifukwa cace, tidzamyankha ciani?

Timphunzitse cotere. Madzulo tiyatse nyali, ikhale dzuwa. Dzungu likhale dziko lapansi, ndi lalanje likhale mwezi. Mwana ayendetse lalanje pozungulira dzungu. Likafika pakati pa nyali ndi dzungu, mthunzi wace ugwa padzungupo: ameneyo ndiye kadamsana. Cotero aoneka pokhapo mwezi uli mumdima, watsopano usanakhale. Sabwera mwezi ndi mwezi, popeza njira ya mwezi iri yopendekeka pang'ono.

Si malodza ai. Koma tiwacenjeze ana athu asapenye dzuwa ndi maso okha, angacite khungu.