Mmisiri Wodzilemba Yekha ndi Oyendera Msonkho

M'maboma onse muli amisiri amene sanalembedwe ntchito ndi munthu, koma amadzipezera okha makontilakiti. Ena amanga midadada ya sukulu, ena akhoma madenga, ena akumba zitsime. Ambiri a iwo adziwa bwino ntchito ya manja, koma akalandira kalata yonena kuti oyendera msonkho akubwera kudzaona mabuku ao, amagwidwa ndi mantha. Ena amatseka shedi nathawira kwa abale. Kutero nkulakwa, pakuti mlandu suola, ndipo wothawa amaupeza utakula.

Msonkho Wake ndi Uti?

Kale msonkho wa pa malonda m'Malawi unkatchedwa surtax. M'chaka cha 2005 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la VAT m'malo mwake. Otolera msonkhowu ndi a bungwe la MRA, limene linayamba ntchito mu 2000, ndipo likulu lake ndi Msonkho House mu mzinda wa Blantyre. Mlingo wa msonkhowu sukhala umodzimodzi zaka zonse. Mwachitsanzo, mu 2008 unatsitsidwa kuchoka pa 17.5 kufika pa 16.5 pa 100 iliyonse. Chotero mmisiri ayenera kumvetsera pamene Nduna ya Zachuma ikulengeza ndondomeko ya chuma.

Si mmisiri aliyense amene aloledwa kulandira VAT. Wolandira ndi yekhayo amene analembetsa ku MRA nalandira chiphaso. Munthu amene malonda ake a pachaka apitirira malire oikidwa ndi lamulo ayenera kulembetsa. Amene sanalembetse sayenera kuonjezera msonkhowu pa mtengo wa ntchito yake, ndipo akatero wapalamula.

Ndalama Yosungitsa

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi ichi: VAT imene mmisiri alandira kwa mwini ntchito si phindu lake ai. Ndi ndalama ya Boma imene iye wangosungitsidwa, monga munthu asungira mnzake mbuzi. Mbuzi yosungitsa saphera alendo.

Kawerengedwe kake nkotere. Mmisiri wina wamanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo pa mtengo wa ntchitoyo walandira msonkho wa K300,000. Mwezi womwewo, pogula simenti, malata ndi misomali m'masitolo olembetsedwa, iye analipira msonkho wa K180,000. Lamulo limlola kuchotsa K180,000 pa K300,000, ndipo apereka ku MRA K120,000 yotsalayo. Koma kuchotsako kufuna umboni. Ngati malisiti a msonkho wa K100,000 anadyedwa ndi chiswe, woyendera adzavomera K80,000 yokha, ndipo mmisiriyo adzapereka K220,000. Wataya K100,000 chifukwa cha mapepala amene akanakwana m'kabokosi kamodzi.

Wolembetsa aliyense ayenera kutumiza lipoti la mwezi uliwonse pamodzi ndi ndalama zake pofika pa 25 mwezi wotsatira. Ngakhale m'nyengo ya dzinja, pamene ntchito zomanga zimaima, lipoti liyenera kupita lonena kuti sipanagulitsidwe kanthu.

Zimene Oyendera Afuna Kuona

Oyendera sabwera kudzayesa ngati khoma laongoka. Ntchito yao ndi kufanizira zimene mmisiri analemba m'malipoti ndi zimene zinachitikadi. Kawirikawiri afuna zinthu izi:

1. Chiphaso cha VAT ndi nambala ya wokhoma msonkho, yotchedwa TPIN.
2. Mapangano olembedwa a ntchito iliyonse, osonyeza mtengo wake.
3. Makope a malisiti amene mmisiri anapereka kwa eni ntchito.
4. Malisiti a msonkho a katundu amene anagula.
5. Zikalata za ku banki, ndi za Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati malipiro anadzera kumeneko.
6. Makope a malipoti a miyezi yonse ndi umboni wakuti ndalama zinaperekedwa.

Kapepala kolembedwa ndi pensulo kuti "simenti matumba 40" si lisiti ya msonkho. Lisiti yoyenera isonyeza dzina la wogulitsa, nambala yake ya msonkho, tsiku, katundu ndi VAT yake payokha. Nchifukwa chake mu 2014 MRA inabweretsa makina otulutsa malisiti otchedwa EFD. Mchenga, miyala ndi matabwa ogulidwa kwa anthu a m'mudzi osalembetsa alibe VAT yoti nkuchotsa, komabe ayenera kulembedwa m'buku kuti ziwerengero zigwirizane.

Kukonzeka Asanafike

Kalata ikafika, mmisiri aiwerenge modekha, aone miyezi imene ikufunidwa ndi tsiku lobwera. Ngati tsikulo lapezana ndi maliro kapena ulendo wosalephereka, alembe kalata msanga yopempha tsiku lina, osangosowa. Kenaka asanje mapepala mwezi ndi mwezi, ogula paokha, ogulitsa paokha. Lisiti ikasowa, apite kusitolo kumene anagula akapemphe kope. Malisiti a makina amafufutika akakhala padzuwa kapena pachinyezi, motero nkwanzeru kuwajambula akadali atsopano ndi kuwasunga m'chitini chotseka bwino. Mmisiri wosamala sataya buku msanga.

Akapeza cholakwa m'mabuku ake, achiulule yekha. Asayese kufufuta kapena kulemba lisiti yabodza. Oyendera amaonanso mabuku a eni ntchito ndi a masitolo. Sukulu ikalemba kuti inalipira K2,000,000 pamene mmisiri analemba K1,200,000, bodzalo lionekera poyera. Kulakwitsa samu kumakonzeka. Chinyengo chimafikitsa munthu kubwalo la milandu.

Tsiku Lake

Oyendera akafika, mmisiri ali ndi ufulu wopempha kuona ziphaso zao za ntchito, pakuti alipo akathyali amene amayenda m'misika nadzitcha a msonkho. Akakhutira, awapatse pokhala ndi kuyankha zoona zokhazokha. Chimene sakuchikumbuka anene kuti akayang'ana, osati kungolota. Funso likamvuta apemphe kuti limasuliridwe m'chinenero chimene amva. Safunsa anadya phula. Aloledwanso kukhala ndi munthu wodziwa za mabuku a ndalama womthandiza. Oyendera akatenga mabuku, iye apemphe mndandanda wosainidwa wa zonse zatengedwa.

Cholakwa chopezeka kawirikawiri ndicho kusakaniza za ntchito ndi za pakhomo. Malata amene mmisiri anakhomera nyumba ya apongozi ake si a kontilakiti, ndipo msonkho wake suchotsedwa.

Ndalama ya msonkho siperekedwa m'manja mwa woyendera. Iperekedwa kudzera ku banki kapena njira zina zovomerezedwa ndi MRA, ndipo pakhala lisiti. Kupereka nkhuku kapena ya fanta kuti mlandu uzizire ndi chiphuphu. Lamulo loletsa ziphuphu la 1995 lilanga wopereka ndi wolandira yemwe.

Akachoka

Pambuyo pake mmisiri amalandira kalata ya zimene zapezeka. Ngati pali ngongole, pangakhalenso chindapusa ndi chiwongoladzanja chimene chimakula pochedwa. Amene sangathe kulipira zonse nthawi imodzi apite ku ofesi akapemphe kulipira pang'onopang'ono. Amene aona kuti wayesedwa molakwika alembere Komishonala Wamkulu wa MRA mosazengereza, pakuti masiku odandaulira ngowerengeka, ndipo aphatikepo umboni wake. Akapanda kukhutira, lamulo la 2021 linakhazikitsa bwalo lapadera lomva madandaulo a misonkho.

Amisiri onse akupemphedwa kupatula ola limodzi Loweruka lililonse kulemba zolowa ndi zotuluka. Amene sadziwa kulemba apemphe mwana wa sukulu amthandize. Mmisiri wa mabuku olongosoka amapeza msanga chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, chimene chifunika popikisana pa ntchito za Boma, ndipo galimoto ya oyendera ikaima pakhomo pake amatuluka kukalonjera.