Kukambirana ndi Mwana Wamkazi za Zimene Aona pa Foni

Kale mtsikana akatha msinkhu, omuuza za thupi lake anali ambuya ake, azakhali ndi alangizi a ku cinamwali. Makolo anali kuwadziwa anthu amenewa, ndipo anali kudziwanso zimene adzanena. Lero m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika mu Chipata, kapena ku Katete ndi Petauke, mlangizi amene mtsikana amamumvera nthawi yaitali ndi foni. Pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp amamva za khungu, za ciuno, za amuna ndi za ndalama kucokera kwa anthu amene makolo ake sadzawaona. Zina mwa zimene amamvazo zimathera ku cipatala.

Makampani a zinthu zimenezi amapeza ndalama pa kulengeza malonda. Munthu akakhala nthawi yaitali pa foni, ndalama zao zimaculuka. Motero makina ao amayang'ana cimene munthu waimapo, ndi kumubweretsera zina zofanana naco. Mtsikana amene waonerera mavidiyo awiri a akazi oyera khungu, mawa lace adzapeza oculuka, kufikira ayamba kuganiza kuti atsikana onse ndi otero kupatula iye yekha. Sadziwa kuti zithunzi zambiri zimadutsa mu filter imene imayeretsa nkhope, kucotsa ziphuphu ndi kucepetsa mimba. M'caka ca 2021 Frances Haugen, amene anali kugwira nchito ku Facebook, anaulula zikalata zoonetsa kuti kampaniyo inali itapeza yokha kuti Instagram imacititsa atsikana ena kuipidwa ndi matupi ao.

Mtsikana akayamba kuipidwa ndi thupi lake, wogulitsa mankhwala amakhala ali pafupi, ndipo apa ndi pamene anchito a zaumoyo amaona zotsatira zake. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ali ndi cimodzi mwa zinthu zitatu: mankhwala a steroid monga betamethasone ndi clobetasol, hydroquinone, kapena mercury. Nthawi zina pa botolo sipalembedwa kanthu, cifukwa wogulitsayo wasanganiza yekha m'nyumba. Steroid amayeretsa msanga, ndipo milungu yoyamba mtsikana amakondwera. Pambuyo pake khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, pamaturuka ziphuphu ndi zipere, m'mikono ndi m'ncafu mumacita mizere, ndipo cironda cimacedwa kupola. Akaleka kudzola nkhope imaocha ndi kuyabwa, ndiye amabwereranso ku botolo lomwelo. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda m'masaya zimene sizicoka wamba. Mercury amalowa m'magazi ndi kuononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika ndi kwa mwana wa m'mimba. Khungu lakuda limene mtsikanayo akulimbana nalo ndi limene limamuteteza ku dzuwa la mwezi wa October.

Palinso mapiritsi ndi mankhwala akumwa amene amati amakulitsa matako ndi ciuno. Palibe mankhwala amene angauze mafuta a m'thupi kumene ayenera kukakhala. Kawiri-kawiri m'kati mwake mumapezeka cyproheptadine, amene ndi mankhwala a ziwengo. Amautsa njala, amagonetsa mwana m'kalasi, ndipo ena awaononga ciwindi. Ena amagulitsa dexamethasone, amene amatupitsa nkhope ndi mimba, ndi kukweza shuga ndi BP. Kholo likapeza mapiritsi otere lisawataye m'cimbudzi kamba ka mkwiyo. Mwana amene wamwa steroid kwa milungu ingapo angadwale koopsa akaleka mwadzidzidzi. Ayenera kupita naye ku kiliniki pamodzi ndi botolo lace, kuti akamuuze mocepetsera pang'ono-pang'ono. Bungwe la ZAMRA ndilo limabvomereza mankhwala ogulitsidwa mu Zambia, ndipo mankhwala ogula pa WhatsApp kwa munthu wosadziwika palibe amene angatsimikize kuti anapimidwa.

Ngozi ina ndi ya amuna acikulire. Kafukufuku wa Boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 kufikira 19 anali ndi mwana kapena pathupi. Foni si imene inayambitsa bvutoli, pakuti linalipo mafoni asanabwere, koma yafupikitsa njira. Mwamuna amene kale anali kudikira pa mseu wa ku sukulu, anthu akumuona, lero amalankhula ndi mwanayo usiku ali pa mphasa pafupi ndi amai ace. Amayamba ndi kumuyamikira, kenaka amatumiza talk time kapena ndalama pa mobile money, ndipo pambuyo pace amapempha cithunzi ca malisece. Cithunzico cikapita, mau amasintha: bwera kuno, ukakana ndidzacitumiza ku gulu la ku sukulu kwanu.

Makolo ambiri akamva zotere amathamangira kulanda foni ndi kugwira cikoti. Mkwiyowo ndi womveka, koma mtsikana amene walandidwa foni amabwereka ya mnzake, ndipo cimene waphunzirapo ndi kubisa. Woopseza uja amadalira cinthu cimodzi, cakuti mwanayo aopa amai ace koposa mmene aopera iye. Pa cifukwa cimeneci mau ofunika kwambiri amene mai anganene, bvuto lisanabwere, ndi onga awa: "Mwana wanga, munthu akakuopseza pa foni, ngakhale utalakwa ndiwe, ubwere kwa ine coyamba. Ndingakalipe, koma sindidzakuthamangitsa." Mai amene wanena zimenezi ayenera kuzisunga tsiku limene mwanayo adzabweradi.

Kukambirana kwabwino sikucitika pa msonkhano wa banja, atate atakhala pa mpando ndi mwana atagwada pansi. Kumayenda bwino manja ali pa nchito, pobuma nsima, posadzula ndiwo, poluka tsitsi kapena pa njira ya ku msika, pamene mwana sakakamizidwa kuyang'ana kholo m'maso. Mai angayambe ndi kupempha: "Tandionetse mavidiyo amene umakonda." Zambiri zimene adzaona ndi magule, nyimbo za ku chalichi ndi nthabwala, ndipo ndi bwino kuseka naye. Pakabwera mkazi wotamanda mafuta ace, mai afunse m'malo molalikira: "Kodi ameneyu akugulitsa ciani? Tikagula, ndalama zipita kwa ndani? Nanga m'mawa akangodzuka amaoneka conco?" Mtsikana amene wazolowera mafunso amenewa amayamba kudzifunsa yekha pamene amai ace palibe. Akayankha kuti, "Amai, inu simudziwa za masiku ano," si cipongwe nthawi zonse. Mai angabvomere kuti foni saidziwa bwino, koma za anthu ofuna ndalama ndi za amuna onyengerera akuzidziwa.

Nkhani zina mwana sangazinene kwa womubala, ndipo mwambo unadziwa zimenezi kale. Azakhali, ambuya kapena mkulu wace wodalirika angapatsidwe nchitoyi, malinga ngati nayenso adziwa zimene zili pa foni. Atate nao ali ndi mbali yao. Mwana amene amamva atate ace akumuyamikira pa nzeru ndi pa nchito zace sakopeka msanga ndi mau okoma a mlendo. Ndipo m'nyumba mmene mwana wakuda amasekedwa, woyera namachedwa wokongola, kapena mmene amai ace omwe ali ndi botolo la mafuta pa windo, TikTok imangomaliza nchito imene inayambira pakhomo.

Malamulo a m'nyumba afunika, koma akhale ocepa ndiponso omveka. Facebook, Instagram ndi TikTok okha amanena kuti wosafika zaka 13 sayenera kulembetsa. Mwana wa zaka 13 kufikira 18 afunika kugona maola 8 kufikira 10, motero mafoni onse, ndi ya atate yomwe, angagone pa malo amodzi kunja kwa cipinda ca ana. Mutu wosatha, kusinza m'kalasi ndi kupsa mtima wamba nthawi zina zimacepa pakangobwerera tulo. Zizindikiro zofuna cheru ndi izi: kuleka kudya kapena kusanza akadya, kuyera nkhope pamene zala ndi makutu zili zakuda, ndalama ndi zobvala zosadziwika kocokera, ndi kunjenjemera foni ikalira. Mwana akanena za kudzipha, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Bvuto likacitika, mauthenga ndi nambala ya woopsezayo zisafafanizidwe cifukwa ndi umboni, ndipo asapatsidwe ndalama. Nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena kuimba 116, nambala yaulere ya Childline. Cithunzi ca malisece ca mwana cisatumizidwe kwa wina aliyense, ngakhale kwa acibale, pakuti kufalitsa cithunzi cotere ndi mlandu. Kugona ndi mwana wosafika zaka 16 ndi mlandu wa zaka zosacepera 15 m'ndende, ngakhale mwanayo atabvomera, ndipo si nkhani yokambirana za mbuzi pakati pa mabanja. Ngati mtsikanayo wagonedwa, cipatala cikhale coyamba. Mankhwala a PEP oteteza ku kalombo ka HIV ayenera kuyambidwa asanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28, ndipo mapiritsi oletsa pathupi mwadzidzidzi amagwira bwino akamwedwa msanga. Amene watenga kale pathupi ayambe sikelo mwamsanga, ndipo makolo akaonane ndi ahedi a sukulu, pakuti kuyambira mu 1997 Boma limalola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka.