Nkhunda, njala ndi mfuti

Lachisanu potuluka ku Njira ya Mtanda pa Holy Family Basilica, ndidaima kuyang'ana nkhunda zikutola nyenyeswa. Tili ana kumudzi tinkalasa njiwa ndi legeni, koma iliyonse inkathera m'mbale, pambali pa nsima. Inali njala imeneyo.

Kuno ku Kenya lamulo la 2013 lidaletsa kusaka nyama zakutchire, kaya kongosangalala kaya kofuna ndiwo, ngakhale wosangalalayo ndiye amalangidwa koposa. Katekisimu (2418) amaphunzitsa kuti kupha nyama popanda chifukwa kumanyozetsa ulemu wa munthu mwiniwakeyo. Wowombera nkhunda pongoyesa dzanja, n'kuisiya iwolere patchire, wataya mbalame imene Maria ndi Yosefe, mu umphawi wao, adaiona yoyenera kupereka kwa Mulungu (Luka 2:24).