Kupepesa Mtima Woyera popanda kuvulaza thupi

Amayi anzanga a ku Kapichi, mwambo wolandira Ukaristia Lachisanu loyamba la mwezi, kwa miyezi 9 yotsatizana, unadzera mwa Margaret Mary Alacoque Woyera, sisitere wa ku Paray-le-Monial m'dziko la France, amene Yesu anamuonekera pakati pa 1673 ndi 1675. Cholinga chake n'kupepesa Mtima Woyera wa Yesu chifukwa cha machimo a anthu.

Ena mumawonjezerapo kusala kudya tsiku lonse, uku mukuthyola tiyi. Apa tichenjere. Mpingo umalamula kusala masiku awiri okha pachaka, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kwa a zaka 18 mpaka 59. Odwala, oyembekezera ndi oyamwitsa lamuloli siliwakhudza.

Wodwala shuga akamwa mankhwala osadya, shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka. Dziwaninso kuti ola limodzi losadya musanalandire Ukaristia sililetsa madzi kapena mankhwala. Choncho musadumphitse ma ARV chifukwa cha Misa.

Njira zopepesera zilipo zambiri. Kalapeni kwa bambo mfumu, pempherani korona ku limana, perekezani mnzanu woyembekezera kusikelo, atungireni madzi agogo odwala, khululukirani amene munayambana naye. Sankhanipo imodzi Lachisanu loyamba likubwerali.