KAGWIDWE KA CHILUNGUNI, NSOMBA YA CHIFUWA CHOFIIRA

Kwa inu mafumu, anyakwawa ndi alimi nonse okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo. Mawu awa anena za nsomba imodzi yokha, ndiyo chilunguni. Ambiri a inu simuli asodzi a ngalawa ndi makoka aakulu, koma mufuna ndiwo za banja lanu mutaweruka kumunda. Tsono nsomba iyi ndiyo yanu, pakuti ikhala pafupi ndi mtunda, pamene munthu afika ndi miyendo yake.

Chilunguni muchidziwa: msana wake ndi wobiriwira moderapo, m'nthiti muli mizere yakuda yotsika, koma chifuwa ndi mimba nzofiira, makamaka pa nyengo yakuswa. Azungu anachipatsa dzina lakuti rendalli m'chaka cha 1897, chifukwa cha Dr. Percy Rendall amene anachitenga mu Shire wakumtunda, ndipo chinatumizidwa ku London. Chipezeka m'Nyanja ya Malombe, ku Chiuta, m'thamanda la Chia ku Nkhotakota, m'madambo a Shire, ndi m'magombe a nyanja yaikulu pamene pali bango.

Choyamba dziwani chakudya chake. Chilunguni chikakula chidya msipu monga mbuzi: udzu wa m'madzi, ndere, masamba anthete, ngakhale udzu wakumtunda umene madzi aumiza pa dzinja. Chifukwa chake musachifune pakati pa nyanja kapena pa mchenga woyera. Yendani pang'onopang'ono m'mbali mwa bango, muone pamene udzu uli wodukaduka nsonga, kapena pamene ugwedezeka popanda mphepo. Pomwepo ndiye podyera pake.

Mukapeza malowo musafulumire kuponya mbedza. Thiranipo madeya odzaza manja awiri, onyowetsa kuti amire, tsiku ndi tsiku pa nthawi yomweyo, kufikira masiku atatu. Nsomba zidzazolowera kudza kumeneko. Tsiku lachinayi mubwere ndi mbedza yaing'ono, pakuti kamwa lake ndi laling'ono, ndipo mbedza ya mlamba chingoidyera nyambo nkuchoka. Chingwe chikhale chopyapyala, ndi kachidutswa ka bango kouma koyandama pamwamba. Nyambo yake ndiyo nyongolotsi, nsima yolimba yaing'ono ngati nsawawa, kapena maso a chimanga chachiwisi. Khalani pansi, chithunzithunzi chanu chisagwere m'madzi, ndipo ana aphokoso muwasiye kumudzi. Pa nyengo yotentha wedzani m'mamawa ndi madzulo. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi azizira, nsomba sizidya kwambiri, ndipo kuli bwino kudikira dzuwa likwere.

Kwa mlimi wotanganidwa, mono uposa mbedza, chifukwa ugwira ntchito mwini wake ali m'munda. Uikeni m'kanjira ka nsomba pakati pa bango, muupanikize ndi zikhomo ziwiri, ndipo m'kati muikemo madeya ndi masamba a mbatata kapena a chinangwa. Poluka siyani mipata yolowa zala ziwiri, kuti tiana tituluke. Muuone m'mawa uliwonse, pakuti katumbu akaupeza wodzaza aung'amba.

Khoka silithandiza kwenikweni pa nsomba iyi. Chilunguni nchochenjera, chilumpha pamwamba pa khoka pamene mukoka, ndipo chimene mutulutsa ndi udzu, matope ndi tiana ta nsomba zina. Matchera oika madzulo m'mphepete mwa bango agwira bwino, koma maso ake akhale aakulu monga anena malamulo a Boma. Za masikito a udzudzu ndi katupe sindinena zambiri: izi zipha zonse pamodzi, zazikulu ndi zosaoneka ndi maso, ndipo nzoletsedwa.

Tsono tamverani bwino, pakuti apa ndipo pamene ambiri alakwa osadziwa. Chambo ndi makumba zisunga mazira ndi ana m'kamwa mwa make, koma chilunguni sichitero. Madzi akafunda ndi mvula itayamba, chachimuna ndi chachikazi zisankha malo osaya, ofika m'maondo kapena m'chiuno, zilambula udzu, ndi kukumba maenje m'matope. M'menemo chachikazi chiikira mazira zikwi zingapo, ndipo ziwirizo zilonda usana ndi usiku, kupitikitsa mlamba, nkhanu ndi tinsomba tina, kufikira ana atayamba kudzifunira okha chakudya. Pa masiku amenewo nsombayo siithawa munthu, pakuti ikana kusiya chisa chake, ndipo mnyamata wa mkondo aibaya mosavuta nabwera nayo kumudzi akunyada. Koma taonani chimene wachita. Wadya nsomba ziwiri, ndipo dzuwa lisanalowe mazira onse aja adyedwa ndi adani. Kodi alipo mwa inu amene apha nkhuku ili pa mazira? Nanga mulekeranji ana anu kuchita zomwezo m'madzi?

Musanene kuti nsomba sizitha. Akulu a ku Malombe akumbukira chambo chochuluka cha zaka za m'ma 1980, ndi momwe chinasowera makoka a maso aang'ono atakokolola zisa ndi udzu wapansi. Ndiye chifukwa chake m'chaka cha 1993 kunayamba makomiti a m'magombe, kuti eni mudzi asunge okha madoko awo, ndipo lamulo la nsomba la 1997 linalola kuti anthu a m'midzi agwirizane ndi Boma pa ntchito imeneyi. Ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mfumu Makanjira itseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka, ndipo potsegula asodzi adza kuchokera kutali chifukwa nsomba zilipo.

Inu anyakwawa mukhoza kuchita chomwecho pa dooko lanu laling'ono. Itanani anthu pabwalo mvula isanagwe, asodzi akale akuonetseni pamene chilunguni chiswera, ndipo muzikepo mitengo yooneka patali. M'kati mwa mitengoyo musalowe mkondo, khoka kapena mono kufikira mvula itatha. Ng'ombe nazo zikamwere kwina, pakuti ziponda zisa. Kunja kwa mitengo anthu awedze monga kale.

Chatsala chimodzi. Malo a chilunguni ndi malo a ng'ona ndi a nkhono zopatsa likodzo. Musaime m'madzi nthawi yaitali pamene mukhoza kuwedza muli pamtunda kapena m'bwato, musamabwerere pa malo amodzi mdima utagwa, ndipo mwana akayamba kukodza magazi mupite naye kuchipatala msanga, kumene mankhwala ake alipo.