Pulogalamu ya pafoni muziika nokha

Tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa, pambali pa ogulitsa matemba ndi oyeza nandolo, sipalephera kupezeka kabenchi ka mnyamata wotchaja mafoni. Ntchito yake ina ndi kuikira anthu mapulogalamu. Mumamupatsa itel kapena Tecno yanu, iye n'kudinadina, posakhalitsa WhatsApp yalowa, inu n'kulipira. Ambirife kuno kunsi kwa phiri la Michesi timayesa ntchitoyi ndi ya ophunzira okha. Si choncho, ndipo kwa munthu wa geni kusadziwa kumeneku kungathe kudya mpamba.

Kale zinalidi zovuta. Pa makompyuta akale munthu ankalemba lamulo lililonse pa galasi lakuda, ndipo akaphonya chilembo chimodzi makinawo ankakana. Mpaka lero akatswiri ogwiritsa ntchito Linux amakonda kuika mapulogalamu polemba mawu monga "sudo apt install". Inu mukuzidziwa kale zoterezi mwa njira ina. Mukaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, mumasankha nambala iyi, kenako iyo, ndipo mukalakwitsa kapena kuchedwa mumayambiranso. Opanga makina anaona kuti munthu wamba sangaloweze zonsezi, n'chifukwa chake anabweretsa tizithunzi todina. Kompyuta ya Macintosh inatchukitsa njirayi mu 1984, ndipo pa mafoni a Android sitolo ya mapulogalamu yakhala ikutchedwa Google Play kuyambira 2012. Zimene katswiri amachita kulemba, kwa inu zili m'batani limodzi lolembedwa Install.

Njira yake nayi. Tsegulani Play Store, kachizindikiro ka makona atatu kamitundumitundu kaja. Pamalo ofufuzira lembani dzina la pulogalamu. Musathamangire kudina yoyamba kutuluka, chifukwa nthawi zina imakhala yotsatsa malonda chabe. Onani dzina la kampani lolembedwa pansi pa dzinalo: WhatsApp Business yeniyeni imalembedwa WhatsApp LLC. Onaninso kukula kwake kuti bandulo isakuthereni panjira. Dinani Install, dikirani, kenako Open. Basi. Chofunika ndi akaunti ya Gmail, yomwe mumatsegula kamodzi kokha. Pasiwedi yake muilembe papepala losunga kunyumba, osati m'kope la ngongole lomwe limakhala pabenchi tsiku lonse.

Nanga vuto la mnyamata uja n'chiyani? Kawirikawiri iye sadutsira m'sitolomo. Amakuthirani fayilo yotchedwa APK kuchokera m'foni yake kudzera pa Xender kapena Bluetooth, popeza njirayi sidya bandulo. Kuti fayiloyo ilowe, amatsegula chilolezo choika mapulogalamu ochokera kunja kwa sitolo, ndipo akamaliza sakumbukira kutseka. Sindikunena kuti anyamatawa ndi akuba ayi. Ambiri akungosaka ya sopo ngati ife tomwe. Koma nayenso sadziwa amene anakonza fayiloyo, kaya zimene anabisamo. Pulogalamu yachinyengo ikaloledwa kuwerenga mameseji, imaona mauthenga anu onse a ndalama, ngakhale manambala otsimikizira amene banki imakutumizirani.

Chitsanzo chimene chili m'mafoni ambiri pamsika ndi GB WhatsApp. Anthu amaikonda chifukwa cha timaluso tina towonjezera, monga kuwerengabe uthenga umene wotumiza waufufuta. Mu Play Store mulibe. Eni WhatsApp amanena poyera kuti si yawo, ndipo amatseka manambala oigwiritsa ntchito, mwina kwa kanthawi, mwina mpaka kalekale. Tangoganizani, nyengo ya nandolo yafika, wogula wa ku Limbe akufuna kukuuzani mtengo wa lero ndi tsiku lobwera lole, koma nambala yanu yatsekedwa. Matumba aja mudzagulitsa kwa amene wayamba kufika, pa mtengo umene iye wanena. Pomwe WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018, ndi yaulere, ndipo mungathe kuikamo zithunzi za katundu ndi mitengo yake kuti kasitomala aziona yekha.

Pulogalamu yoikidwa kudzera m'sitolo imalandiranso zokonza zatsopano kuchokera kwa eni ake. Yothiridwa ija ikakalamba imangokana kutseguka, n'kubwerera nayo kubenchi kukalipiranso.

Makhodi aja musawataye. Pulogalamu ya ndalama ndi yabwino poti nambala mumaisankha pa maina amene munasunga kale, ndipo zonse mumaziona pamodzi musanatumize. Koma imafuna intaneti. Khodi imagwira popanda bandulo, pa foni ya mabatani, ngakhale pomwe netiweki yafooka kuseri kwa phiri. Ine ndimagwiritsa zonse ziwiri: pulogalamu ndikakhala pansi madzulo kuwerengera za tsikulo, khodi ndikakhala pakati pa chigulu.

Ngati maso savomereza ndipo mukufunabe thandizo, imani pafupi ndi mnyamatayo, muuzeni adutsire mu Play Store inu mukuona, ndipo ikafika pofuna nambala yachinsinsi, landani foni mulembe nokha.